ZA UMOYO M'BANJA: Mabotolo a mavitamini ndi maso athu

Ulendo uno tikambirane za maso, chifukwa cha zimene ndinaona kwa malume anga mwezi wathawu.

Malumewa ndi msodzi wopuma. Diso lawo lamanja layera ndi ng'ala, ndipo lamanzere likuona mwachimbuuzi. Nditapita kukawazonda ndinapeza timabotolo titatu topanda kanthu pawindo. Anati anagula kwa mnyamata wina woyenda ndi chikwama pamsika, yemwe anawatsimikizira kuti mankhwala ake a antioxidant adzasungunula ng'alayo. Ndalama yake anachita kugulitsa mbuzi. Papita miyezi inayi koma diso lili chomwecho. Nditawafunsa kuti, "Malume, kodi kuchipatala munapitako?" iwo anangoti, "Mphwanga, ine ndimaopa mpeni."

Kodi antioxidant n'chiyani? Mukadula nthochi n'kuisiya pamtunda imada, ndipo msomali wa pabwato umachita dzimbiri. Mpweya umene timapumawu umachitanso zofanana ndi zimenezi m'thupi pang'onopang'ono, ndipo diso limakhudzidwa kwambiri popeza limalandira kuwala tsiku lonse. Zinthu za m'chakudya zimene zimachepetsa kuonongekaku ndizo zimatchedwa antioxidant. Zina mwa izo ndi vitamini C, vitamini E, beta-carotene, lutein ndi zeaxanthin. Ziwiri zomalizazi zimaunjikana pakati penipeni pa kansalu ka kumbuyo kwa diso, pamalo otchedwa macula, amene amatithandiza kuwerenga ndi kuzindikira nkhope ya munthu.

Tsono mnyamata wa chikwama uja mawuwa sanawapeke. Bodza lake lili pa ntchito imene akuti mapilisiwo amagwira. Bungwe la boma la America loona za maso, la National Eye Institute, linachita kafukufuku wotchedwa AREDS pa anthu oposa 4,700 a zaka 55 mpaka 80, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2001. Anthuwo ankamwa tsiku lililonse vitamini C, vitamini E, beta-carotene, zinki ndi kopa. Kwa amene macula awo anali atayamba kale kuonongeka ndi ukalamba, mapilisiwa anachepetsa ngozi yoti matendawo afike poipa ndi pafupifupi 25 pa 100 alionse. Koma sanabweze kuona kumene kunatayika, ndipo pa ng'ala sanathandize konse.

Kafukufuku wachiwiri, AREDS2, anatuluka mu 2013. Iyeyu anaonetsa kuti lutein ndi zeaxanthin zingalowe m'malo mwa beta-carotene, ndiponso kuti kuonjezera mapilisi a mafuta a nsomba sikunapindule kanthu pa matendawa. Chifukwa chochotsera beta-carotene n'chofunika kuchimva bwino. Mu 1994 ku Finland, pa amuna osuta fodya oposa 29,000, anapeza kuti mapilisi a beta-carotene anachulukitsa khansa ya m'mapapo. Choncho bambo wosuta, kapena amene anasutapo, asagule botolo asanafunse dokotala. Mayi woyembekezera nayenso asamwe vitamini A wa mphamvu kwambiri mwa yekha, chifukwa angathe kuvulaza mwana m'mimba. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ife tichite chiyani? Poyamba tiyang'ane m'mbale zathu. Lutein amapezeka wambiri m'ndiwo zamasamba zobiriwira monga bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chigwada ndi mpiru, komanso mu chikasu cha dzira. Vitamini C ali m'magwafa, malambe, mandimu ndi mapapaya. Vitamini E ali mu mtedza ndi mafuta a mpendadzuwa. Zopatsa vitamini A ndi chiwindi, mazira, mango, maungu ndi mbatata yofiira m'kati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere. Usipa ndi utaka nazonso tisazinyoze, ndipo tizidya ndi mitu yomwe.

Amayi, kaphikidwe kali ndi mbali yake. Lutein ndi vitamini A zimalowa bwino m'thupi ngati pali mafuta pang'ono, ndiye kutendera ndiwo ndi nsinjiro ndi nzeru yabwino imene makolo anatisiyira. Koma soda kapena chidulo, ndi kuwiritsa masamba mpaka kuchita bii, zimapha vitamini C. Phikani kanthawi kochepa ndi madzi ochepa, ndipo msuzi musataye.

Pali gulu limodzi limene kapisozi wa vitamini ndi wofunikadi, ndilo ana aang'ono. Kusowa kwa vitamini A ndiko kumachititsa khungu lopeweka mwa ana ambiri padziko lapansi. Chizindikiro choyamba n'chakuti mwana amaona bwino masana, koma kukangoyamba kuda amapunthwa ndi kufufuza mbale ndi manja. Pambuyo pake diso limauma, ndipo mwanayo akadwala chikuku lingathe kuchita chilonda. N'chifukwa chake kusikelo ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amalandira kapisozi wa vitamini A kawiri pachaka. Tsegulani buku la kusikelo la mwana wanu lero muone tsiku limene analandira komaliza.

Kwa abambo a panyanja, dzuwa nalo ndi nkhani. Mu 1988 akatswiri anayeza asodzi 838 a ku Chesapeake Bay ku America, ndipo anapeza kuti amene anaombedwa kwambiri ndi cheza cha dzuwa ndiwo ankadwala kwambiri mtundu wina wa ng'ala. Chipewa cha khonde ndi magalasi otchinga cheza zimateteza maso pamadzi, ndipo mtengo wake sufika pa mbuzi. Kusiya fodya kumatetezanso maso. Odwala shuga aziyezetsa maso chaka chilichonse ngakhale asakumva kupweteka.

Za ng'ala yokha, ikangokhwima palibe chakudya, pilisi kapena mankhwala odontheza amene angaichotse. Njira yake ndi opaleshoni: amachotsa kagalasi ka m'diso kamene kachita mtambo n'kuikapo kena. Kawirikawiri siitha ola limodzi, munthu amakhala ali maso koma diso lili dzanzi, ndipo ambiri amaona bandeji ikangochotsedwa. Ntchitoyi imachitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Zomba Central, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Nkhoma. Poyambira pake ndi kwa woona za maso pachipatala cha boma lanu.

Malume ndawafotokozera zonsezi kawiri. Ulendo wachiwiri anafunsa ngati adzathenso kusoka ukonde, ndipo avomera kuti ndiwaperekeze kukayezetsa. Ngati kwanu kuli agogo amene akubisa diso loyera chifukwa cha mantha, khalani nawo pansi mukambirane, ndipo ndalama ya botolo ikhale yokwerera galimoto. Tidzachezanso m'magazini yotsatira, Insha Allah.