Siyani mtengo wa mango, tomato si mfumu ya dimba

Sabata yatha neba wanga anaitana anyamata awili a nkhwangwa. Pofika madzulo, mtengo wa mango umene unali pa yadi pawo kuyambila tili ana unali utasanduka nkhuni. Mlandu wake? Ati mthunzi unali kuletsa tomato kubala. Mizele iwili cabe ya tomato, abale anga! Manje ana ake amathawila pakhonde pathu masana, cifukwa kwao kumapya monga pa mbaula.

Uku ni kulakwa, ndipo kwafala m'makomboni mwathu. Munthu akaona dimba lodzala tomato pa TikTok, aganiza kuti popanda dzuwa la tsiku lonse palibe cingamele. Mango wobyala na njele amatenga zaka 5 kapena kuposa kuti abale. Tomato ni wa miyezi yocepa, ndipo akaculuka ku Soweto amawolela pansi. Mugwetsa bwanji ca zaka cifukwa ca ca miyezi?

Vuto ili pa mbeu imene mwasankha. Zimene timadya zipatso zake, monga tomato, impwa na delele, zimafuna dzuwa maola 6 kapena kuposa. Zamasamba zimakhutila na maola 3 kapena 4: repu, chainizi, sipinachi, letesi, anyezi wa masamba. Kalembula nayenso sakana mthunzi wocepa. Mu October, pamene repu wa pa dzuwa amagona pansi masana, wa pansi pa mtengo amakhala ali ciimile. Pakona pamene dzuwa limangosuzumila, ikani jinja na minti.

Musanagule mbeu, patulani Ciwelu cimodzi. Tulukani pa 8 koloko, pa 12 na pa 16, muzilemba na khala pansi pamene dzuwa lafika. Muzapeza kuti yadi imene mumati ni yamdima ili na malo ake owala. Kumbukilani kuti kuno m'nyengo yozizila dzuwa limapendekela kumpoto, motelo cipupa ca kumpoto cimaponya mthunzi wautali m'yadi. Zomela zazitali ikani kum'mwela, zazifupi kumpoto, kuti zisaphimbane. Tomato wanu mupatseni pamalo powala kwambili, mitengo iwili kapena itatu. Ngati mthunzi wanyanya, dulani nthambi zapansi cabe kuti dzuwa la m'mawa lilowe.

Ena amati mizu ya mango imamwa madzi onse. Zoona, imamwa. Ndiye musakumbe pansi pake. Tengani masaka a ufa a 25 kg, dzazani dothi losakaniza na manyowa a nkhuku owola bwino, boolani pansi, muwaike pa njelwa. Mizu ya mtengo sizafikamo. Inu a pa lendi, tsiku limene a landilodi azakweza lendi, dimba yanu izakwela nanu pa wilibala.

Ena amati mtengo umabweletsa udzudzu. Udzudzu umaswana m'madzi oima, m'matayala akale na m'zitini. Yambani mwataya izo.

Nanga madzi? Cilala ca 2024 cinatiphunzitsa mtengo wa cigubu ca malita 20. Dothi la pamthunzi limauma mocedwa, ndipo masamba a mango amene mumapsela na kuwotcha m'mawa uliwonse ni ophimbila dothi aulele. Wodula mtengo wadzionjezela maulendo a ku pompi.

Sindikuti mthunzi ulibe zovuta zake. Ndiwo zimakula pang'onopang'ono, ndipo nkhono zimakonda cinyontho, muyenela kuzitola madzulo. Koma izi ni nchito za manja, zosafunika nkhwangwa.

Neba wanga azadya tomato wake miyezi iwili. Mu December, ana ake azabwela kudzatola mango kwathu, ndipo sindizawabweza. Koma inu amene mtengo ukali ciimile pa yadi, pitani mukagule mbeu ya repu.