Jekeseni wa Pakhosi ndi Mpweya wa mu Ubongo

Munthu wa ku Misesa akathyoka phewa nafika ku chipatala cha Queen Elizabeth, madokotala angathe kumubaya jekeseni pakhosi wochititsa dzanzi mitsempha ya mkono, kuti amchite opaleshoni osamgoneka tulo. Njirayi ndi yabwino, koma ifuna kusamala.

Pambali pa mitsemphayo padutsa wina woyendetsa mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo. Mankhwala akaufika, mbali imodzi ya mnofuwo ifooka kwa maola angapo. Wa mapapo abwino kawirikawiri samva kanthu. Koma kwa wodwala mphumu, kapena amene chifuwa chachikulu chinamuononga mapapo, okosijeni angachepe m'magazi. Ndipo ubongo, umene umadya gawo limodzi mwa magawo 5 a okosijeni wa thupi lonse, sungapirire kumusowa ngakhale mphindi zochepa.

Kuyambira 1988 sukulu ya akatswiri ogoneka odwala yakhala ikuphunzitsa aMalawi ntchitoyi, ndipo iwo amayeza okosijeni ndi kachipangizo kopana chala. Chotsala ndi cha wodwala mwini. Aphunzitsi ndi antchito a Boma auze anthu kuti asabise matenda a m'chifuwa, pakuti dokotala akadziwiratu asankha njira ina.