Zilembo zagolide pa paketi sizifika pamalo pake mwangozi

Mukadzalowa mu golosale, mudzatenge paketi ya tiyi kapena botolo la mafuta odzola lomwe dzina lake ndi lonyezimira ngati golide, mudzaliyang'anitsitse. Zilembozo sizinalembedwe ndi inki, ndipo golide mulibemo. Zinachita kudindidwa ndi chitsulo chamoto pogwiritsa ntchito foyilo, mpukutu wa pulasitiki yopyapyala kuposa tsitsi yomwe anaipaka utoto, aluminiyamu ndi guluu mosanjikiza. Chidindo chotentha kupitirira madigiri 100 chikapsinja foyiloyo, guluu amasungunuka n'kumatirira pa pepala pokhapo pamene chidindo chakhudza. Aluminiyamu akakhala ndi utoto wachikasu pamwamba, diso limaona golide.

Lusoli ndi lakale ndithu. Ernst Oeser wa ku Berlin analembetsa njira yodinda ndi moto mu 1892, ndipo kampani ya Kurz ya ku Fürth, yomwe lero imagulitsa foyilo dziko lonse, inayamba mu 1899 ndi ntchito yosula golide weniweni kuti apyapyale. Chimene chimandigwira mtima ine ndi funso laling'ono lomwe ogula sitilifunsa: chidindo chimadziwa bwanji pomwe chiyenera kugwera?

Pa katoni yolimba vuto ndi lochepa, chifukwa makina amaigwira m'mphepete ndipo siisintha msinkhu. Koma malebulo ndi mapaketi ambiri amasindikizidwa pa mipukutu ya pepala lofewa kapena pulasitiki, yomwe imathamanga mamita makumimakumi pa mphindi imodzi. Zinthu zofewazi sizikhala phee. Mukazikoka zimatamuka, zikamva kutentha kwa chidindo zimatamukanso, pepala likamwa chinyontho cha m'dzinja limafufuma, ndipo mpukutu ukamachepa kakokedwe kake kamasintha. Tiyerekeze kuti lebulo iliyonse yatalika ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, kanthu kosaoneka n'komwe. Pofika pa lebulo ya nambala 100, chidindo chaphonya ndi sentimita yathunthu, ndipo golide yemwe amayenera kukhala pa dzina la kampani wagwera pa chithunzi cha kapu. Telala aliyense amene anasokapo nsalu yoterera amalidziwa vutoli: singano imabaya pamodzimodzi, koma nsalu imathawa, choncho maso ndi zala sizipuma.

Makina amakono anapatsidwa maso ndi zala zawozawo. Posindikiza mitundu, osindikiza amaika timizere ting'onoting'ono m'mphepete mwa mpukutu, kamodzi pa lebulo iliyonse. Timizereto timaonekanso pa mapaketi a masikono, kabokosi kakuda kumsoko kuja. Sensa kapena kamera imawerenga kamzere kalikonse kakamadutsa, kompyuta n'kuyerekeza nthawi yomwe kafika ndi nthawi yomwe kamayenera kufika. Kakachedwa kapena kufulumira, kompyuta imalamula mota kuti isinthe liwiro pang'ono, lebulo yotsatira isanafike pa chidindo. Sensa ina imayang'ana m'mphepete mwa mpukutu kuti usasendere kumanja kapena kumanzere, ndipo ukasendera, zogudubuza zimapendekeka n'kuubweza. Palinso chogudubuza china chomwe chimakwera ndi kutsika pofuna kuti mpukutu ukhale wokungika mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera. Zonsezi zimachitika makina osaima, ndipo pa makina abwino kuphonya kwake sikufika ngakhale theka la milimita.

Pa hologalamu, kachithunzi konyezimira kosinthasintha maonekedwe, ntchito imawirikiza. Foyilo wamba ndi wofanana paliponse, mungadinde mbali iliyonse. Koma foyilo wa hologalamu ali ndi chithunzi chakechake, choncho makina ayenera kulondola zinthu ziwiri zotamuka nthawi imodzi, pepala ndi foyilo, kuti chithunzi chonse chigwere pakati pa malo ake. Hologalamu ya njiwa ya pa makhadi a Visa inayamba kuoneka mu 1984, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 dziko la Austria linaika kachidindo konyezimira pa ndalama yake ya 5000 schilling ya nkhope ya Mozart. Kuchokera pamenepo maiko ambiri anatsatira. Apa ndi pomwe nkhaniyi imakhudza thumba la aliyense wa ife. Wopanga ndalama kapena mankhwala achinyengo angathe kupeza chinthu chonyezimira n'kumata. Chomwe chimamuvuta ndi kuchiika pamalo amodzimodzi, m'mphepete mwake muli mwakuthwa, pa chinthu chilichonse mwa zikwizikwi. Mukakayikira ndalama kapena paketi, iikeni pambali pa ina yomwe mukuidziwa bwino, muone ngati kunyezimira kwakhala pamalo ofanana ndiponso ngati sikukumatuka ndi chikhadabo.

Ndimaganiziranso anzathu omwe akupanga uchi, khofi, tsabola ndi chiponde kuno kwathu. Katundu wawo ndi wabwino, wina woposa wochokera kunja, koma pa shelefu amayamba kuweruzidwa ndi maso lilime lisanalawe. Lebulo yopendama kapena zilembo zophonya mzere zimapangitsa wogula kuganiza kuti m'katimonso anachita mwachisawawa, pomwe sizili choncho. Zimandiwawa kuona mayi amene wasunga njuchi chaka chonse akugonja kwa botolo lakunja chifukwa cha pepala la pamwamba. Sindikunena kuti aliyense adinde golide. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo lebulo yamitundu iwiri yosindikizidwa mowongoka imaposa yagolide yokhota. Koma amene akufuna kugulitsa khofi wathu ku Johannesburg kapena ku London akupikisana ndi mapaketi odutsa m'makina oterewa.

Ena amaganiza kuti makina odziwongolera okha amachotsa kufunika kwa munthu. Ine ndikuona kuti amafuna munthu wodziwa kuposa kale. Fumbi likakhala pa sensa, makina amakhala akhungu. Kamzere kakasindikizidwa ndi mtundu wofanana ndi pepala, kapena pa pulasitiki yonyezimira yomwe imathobwa kamera, kompyuta imawongola zinthu zomwe sizinalakwike n'kuwononga mpukutu wonse. Magetsi akazima ntchito ili m'kati, chidindo chimazizira, ndipo poyambiranso mamita angapo a pepala ndi foyilo amatayika makina asanapezenso mzere. Foyiloyo ndi wogulidwa kunja, ndi ndalama zakunja zomwe zikusowa kale. Wogwira makina ayenera kudziwa kusiyanitsa vuto la kutentha, la kakokedwe ndi la sensa, apo ayi kampani idzaitana katswiri wakunja kudzapukuta kagalasi.

Pempho langa likupita kwa a TEVETA ndi a MUBAS. Achinyamata ophunzira zamagetsi ndi zamakina apatsidwe mpata wogwira masensa, ma mota olamulidwa ndi kompyuta ndi zogudubuza zokunga mipukutu, ndipo atumizidwe kukaphunzira ntchito m'makampani osindikiza a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Luso lomwelo ndi lomwe limafunika pa makina opakira shuga, osindikiza nyuzipepala ndi odula matumba a pulasitiki, choncho mnyamata kapena mtsikana wolidziwa angagwire ntchito m'mafakitale angapo.