Nkhungu yam'dimba ndi miyala ya ku Kasiya

Tomato akamafota m'dimba kuno kwa Nachisaka pomwe dothi lili lonyowa, nthawi zina wolakwa amakhala nkhungu yotchedwa Fusarium oxysporum. Koma mdani ameneyu ali ndi luso lake.

Mu 2005, akatswiri a mumzinda wa Pune ku India anaika nkhunguyi m'madzi osungunuliramo mchere wa titanium. Mapuloteni omwe imatulutsa anasandutsa mcherewo kukhala tizidutswa ta titanium dioxide tating'onoting'ono, moti 1,000 titandandalikidwa sitingafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Kufakitale ntchitoyi imadalira ng'anjo kapena mankhwala aukali, koma nkhungu inaigwira popanda moto.

Zikutikhudza bwanji? Titanium dioxide amaikidwa m'mafuta ambiri oteteza khungu ku dzuwa, omwe abale athu achialubino amafunikira tsiku ndi tsiku kuti apewe khansa. Ndipo rutile, miyala yomwe yapezeka yochuluka ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ndi titanium dioxide yemweyo.

Apa m'pomwe pamandipweteka. Miyala tili nayo, nkhungu ili m'dimba, koma ophunzira anga a Fomu 4 amadziwa Chemistry ya pabolodi basi. Ena adzalemba MSCE asanasakanizepo mankhwala ndi manja awo. Tikatere, rutile adzatuluka pamathiraki, ife n'kumadikira mafuta ochokera kunja.

Ndikupempha aphungu athu: ndalama za migodi zikayamba kulowa, gawo lina limange malabotale m'sukulu zakumudzi. Paja mmera m'poyamba.