Agogo sadzaimbanso kachiwiri chifukwa khadi lanu linali labodza

Pali bodza limene ana athu akuligula ndi ndalama zawo, kuliika mu kamera, n'kukwera nalo ndege mpaka ku Lilongwe. Kukula kwake ngati chikhadabo. Pamwamba pake palembedwa 256GB, 512GB, mwinanso 1TB, dzina la kampani yodziwika lili pomwepo, koma mtengo wake sufika pa mbale ya nyama choma ndi ugali. Tikunena memory card yotchipa ija, ya pa tebulo la m'mbali mwa msewu, kapena ya pa intaneti yomwe wogulitsa wake simudzamuona nkhope. Ife amene timadyera makompyuta tatopa kulandira timakhadi timeneti kwa anthu a misozi m'maso, akutipempha kuti titulutse zithunzi zimene mulibemo.

Tikulankhula ndi inu achinyamata amene munabadwira kunja kapena munabwera muli kumsana, chifukwa kamera ya banja ili m'manja mwanu. Kuno ku Karen ndi ku Lang'ata a kwathu alipo ndithu. Catholic University of Eastern Africa ndi ya maepiskopi a AMECEA, ndipo Malawi ndi Zambia ali m'gululo. Pali Tangaza, pali Africa International University. Chaka ndi chaka pamakhala wina wa kwathu wovala gauni, wina wodzozedwa unsembe, sisitere wochita malumbiro, ndipo mayi ake, amene akwera ndege koyamba m'moyo wawo, aima pambali ndi chitenje chatsopano. Wojambula amakhala ndani? Inu. December akafika, mukapita kumudzi ku Ntcheu, ku Dowa kaya ku Katete, wouzidwa kuti "tajambulani agogo akuimba" ndinu nomwe.

Tayang'anani dera lomwe tikukhalali. Mayi wa ku Denmark, Karen Blixen, anakhala m'nyumba yoyang'anana ndi mapiri a Ngong kuyambira 1917 mpaka 1931, munda wake wa khofi n'kulephera, iye n'kubwerera kwawo. Nyumbayo inasanduka museum mu 1986, ndipo alendo amalipira pakhomo kuti aone pamene ankadyera ndi pamene ankagona. Sitikumuchitira nsanje ayi. Tikungofunsa: agogo anu amene analera ana 9 ndi khasu, museum yawo ili kuti? Palibe boma limene lidzasunge mawu awo. Chidzatsale ndi chimene mwajambula inu. John Chilembwe anaphedwa mu 1915, koma nkhope yake tikuionabe pa K500 ndi pa K2,000 chifukwa wina anasamala chithunzi cha papepala. Ife, ndi makamera oposa a nthawi imeneyo kutalitali, tikutaya ukwati wathunthu tsiku limodzi pofuna kupulumutsa mashilingi ochepa.

Chinyengochi si ufiti, chili ndi njira yake. M'khadi muli tizipangizo tiwiri: kosunga zithunzi, ndi kena kolankhula ndi kamera, kamene amakatcha controller. Kamera siyeza yokha kukula kwa malo. Imafunsa controller n'kukhulupirira yankho. Akathyali amatenga kachipangizo ka 8GB kapena 16GB, n'kuphunzitsa controller kuti kaziyankha kuti 256GB. Kompyuta nayo imavomera. Ngakhale muchite format palibe chimene chingaululike, chifukwa format yachangu imangolemba kaundula watsopano kumayambiriro kwa khadi, siyendera chipinda chilichonse.

Nkhanza yake ili apa. Kaundula wa mayina a mafayilo amakhala ku mbali imene ilipodi, choncho mayina onse amaoneka ndipo chiwerengero chimakwera bwinobwino. Chithunzi chimene kamera imakuonetsani mukangodina chimachokera mu memory ya kamerayo, sichichokera m'khadi. Mtima wanu uli m'malo. Koma mukangodutsa malire enieni aja, zimene mukujambula zikupita kopanda malo, kapena zikulembedwa pamwamba pa zimene munajambula m'mawa. Zili ngati nkhokwe yolembedwa pakhomo kuti imalowa matumba 256 pamene mkati mumakwana 8, ndipo mlonda akulandira thumba lililonse mwaulemu, kulemba m'buku, n'kukaliponya mumtsinje kuseri. Buku lili bwino. Chimanga mulibe.

Tiwerenge pang'ono. Kamera ya megapixel 24 imatulutsa chithunzi cha RAW cha 25MB mpaka 30MB, ndiye kuti 8GB imadzaza ndi zithunzi pafupifupi 300. Kanema wa 4K wojambulidwa pa megabit 100 pa sekondi amadya pafupifupi 750MB pa mphindi, ndiye kuti 8GB yatha m'mphindi 11. N'chifukwa chake khadi labodza limakhoza mayeso a kunyumba. Mwajambula mphaka, mwajambula mng'ono wanu, zithunzi 20, zonse zatseguka, mwati khadi ndi labwino. Limadikira tsiku lalikulu, tsiku lokhalo limene mujambule kwambiri. Pa chinkhoswe mudzatsala ndi mphindi 11 za anthu akukonza mipando. Pofika nthawi yoti ankhoswe apatsane tambala ndi msoti, kamera ikuthwanima kagetsi kofiira ngati ikugwira ntchito, koma palibe chikusungidwa. Chikomekome cha mkuyu.

Musanamizidwe kuti katswiri adzazibweza. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa PhotoRec imene imabwezadi zithunzi zofufutidwa mwangozi, chifukwa zithunzi zotero zimakhala zikadali m'khadi, dzina lokha ndi limene lachotsedwa. Chimene sichinalembedwe n'komwe palibe angachibweze, kaya ali ku Westlands kaya ku London. Wokulonjezani kuti abweza zimenezo akufuna kukuberani kachiwiri.

Pali mtundu wina wa khadi lotchipa umene kukula kwake ndi koona koma liwiro ndi labodza. Chizindikiro cha V30 kapena U3 chimalonjeza kuti khadi silitsika pansi pa 30MB pa sekondi polemba. Kusindikiza chizindikiro sikudula kanthu. Khadi likalephera liwirolo, kamera imaimitsa kanema pakati pa malumbiro, ndipo wansembe sabwereza chifukwa cha inu.

Tikudziwa zimene muyankhe. Muti ndalama ndi zovuta, ndinu ana a sukulu, khadi lenileni ndi lodula. Zoona, koma simufunika 512GB. Khadi lenileni la 32GB kapena 64GB limanyamula tsiku lonse la zithunzi, ndipo awiri ang'onoang'ono ndi abwino kuposa limodzi lalikulu, chifukwa lina likafa simutaya zonse. Chikukukokerani ku khadi labodza si umphawi. Ndi kamtima kofuna kuoneka ochenjera, koti ine ndapeza pa mtengo umene ena onse sanaupeze. Makhadi enieni a microSD a 1TB anayamba kugulitsidwa mu 2019, ndipo la SanDisk linayambira pa madola pafupifupi 450, koma pa intaneti abodza olembedwa 1TB anali atadzaza kale chaka chimenecho chisanafike. Anthu ankagula chinthu chimene mafakitale enieni anali asanachipange, n'kumadzitama kuti achita mwayi.

Ena muti ife timajambula ndi foni, za makamera ndi za amalume. Chabwino. Nanga timakhadi timene mumagula tikhumi n'kupita nato kumudzi ngati mphatso? Apa ndiye pamatiwawa kwambiri. Foni za Tecno ndi Itel zimene abale athu ali nazo zimadalira microSD, ndipo msuweni wanu wa ku Mitundu akalandira khadi lochokera ku Nairobi salikayikira, chifukwa kwathu katundu wobwera ndi wachibale wa kunja amayesedwa weniweni. Amaikamo zithunzi za mwana wake wakhanda, nyimbo za kwaya, kanema wa maliro a bambo ake. Alibe laputopu, alibe ndalama ya data yoti azitumiza zonse ku Google Photos. Khadi lanu ndiye kope lake lokhalo. Mwamupatsa mphatso yoti idzamulize, ndipo adzadziimba mlandu yekha kuti mwina anadina polakwika.

Mnyamata wogulitsa pa tebulo ku Luthuli Avenue kapena ku Limbe sitikumuika pa mtanda. Nthawi zambiri nayenso sadziwa, anaoda katoni kwa wina amene anaoda kwa wina, ndipo alibe kompyuta yoyezera. Odziwa ndi amene amasintha controller ndi amene amalowetsa makatoniwo m'dziko. Komanso musaganize kuti mtengo wokwera ndiwo umboni. Khadi labodza likhoza kulowa ngakhale mu shopu ya magalasi, ndipo pa misika ya pa intaneti yomwe aliyense angatsegule sitolo yake, chithunzi cha paketi sichikuuzani kanthu za chimene chidzafike pakhomo.

Boma la Kenya lili ndi lamulo lolimbana ndi katundu wabodza la 2008, ndipo pali bungwe la Anti-Counterfeit Authority lolandira madandaulo. Mu 2012 dziko lino linazimitsa mafoni abodza oposa miliyoni imodzi. Zinatheka chifukwa foni iliyonse imadzionetsa pa netiweki ndi nambala yake. Khadi silidzionetsa kwa aliyense. Palibe ofesi imene ingalizimitse lili m'thumba mwanu, palibe uthenga umene udzabwere kukuchenjezani. Bungwe lingagwire katoni ku doko la Mombasa, koma limene ladutsa n'kufika mu kamera yanu, woyeza wake ndinu.

Ndipo kuyeza kwake si kovuta, ndi ulesi chabe umene umatiletsa. Pa Windows pali H2testw, pulogalamu yaulere yochokera ku magazini ya c't ya ku Germany. Pa Mac ndi Linux pali F3. Zonse ziwiri zimachita chimene kamera sichita: zimadzaza khadi lonse mpaka kumapeto, kenako n'kuwerenga chilichonse kuona ngati chabwerera mmene chinalowera. Zimanenanso liwiro lenileni. Khadi lalikulu lingatenge maola angapo, ndiye yambitsani madzulo mukagone. Chitani zimenezi tsiku lomwe mwagula, khadi likadali lopanda kanthu ndipo lisiti likadali m'manja. Wogulitsa wokana kupereka lisiti wakuuzani kale zonse, bwezani khadi lake. Likalephera mayeso, jambulani zimene pulogalamu yaonetsa, bwererani nazo ku shopu, ndipo akakana pitani nazo ku Anti-Counterfeit Authority. Kwathu madandaulo otere amapita ku Competition and Fair Trading Commission. Ambiri timangotukwana n'kuponya khadi mu dilowa, ndiye katoni yotsatira imalowa mosavuta.

Ngakhale khadi lenileni si malo osungira zinthu kwa zaka. Limasunga pogwiritsa ntchito timphamvu ta magetsi tochepa kwambiri, ndipo timphamvuto timatha pang'onopang'ono likangokhala osagwiritsidwa ntchito. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chithunzi chimene chili m'khadi mokha chikadali pachala. Usiku wa tsiku lomwelo kopani zonse mu laputopu, ikani kope lina pa hard drive, lina pa intaneti. Kutumiza pa gulu la banja la WhatsApp si kusunga, chifukwa WhatsApp imafinya chithunzi pokhapokha mutachitumiza ngati document, ndipo foni ikabedwa mu matatu zambiri zimapita nayo. Zithunzi 10 zimene mumazikonda kwambiri kazitsukitseni papepala, chimodzi mukasiyire agogo eni ake.

Amene mukukonzekera ulendo wa December, gulani makhadi mu November, asakhale a pa bwalo la ndege kapena a pa depoti tsiku lonyamuka. Onani kaye buku la kamera yanu: ngati ndi yakale ija ya bambo, yopangidwa SDXC isanabwere mu 2009, mwina siwerenga khadi loposa 32GB. Yezani lililonse, ndi la mphatso lomwe, chitani format mu kamera momwemo, ndipo lembani tsiku loyezera pa kabokosi kake. Khadi likayamba kuvuta muli kumudzi, lichotseni nthawi yomweyo, tsitsani kaloko kam'mbali ngati lili nako, musajambulirenso ndipo musavomere kamera ikakupemphani format. Bwerani nalo mmene lilili tidzaone chimene chingapulumuke.