ZA UMOYO: Momwe madotolo amasokera mtsempha wa m'phewa

Mlimi akalephera kutukula khasu, kapena mai akalephera kukweza munsi ndi kudzitwika mtsuko, anthu ambiri amangoti ndi nyamakazi ya ukalamba. Koma nthawi zina cimene cavuta ndi mtsempha wa m'phewa umene wang'ambika.

Phewa la munthu limagwiridwa ndi minofu inai. Mitsempha yake imazinga mutu wa fupa la mkono ndi kumatirira pamenepo, ndipo madotolo amaicha rotator cuff. Mtsempha wa pamwamba ndiwo umang'ambika kawirikawiri, cifukwa ca kugwa, kunyamula katundu wolemera, kapena kuperepeseka ndi zaka. Wodwala amamva ululu usiku akagonera mbali imeneyo, ndipo mkono umafooka poukweza.

M'caka ca 1909 dotolo Ernest Codman wa ku Boston, ku America, anasoka mtsempha wotere atang'amba phewa. Masiku ano madotolo ambiri amangoboola timabowo titatu kapena tinai, ta sentimita imodzi. Pa bowo lina amalowetsa kacitsulo kokhala ndi nyali ndi kamera, ndipo pa ena amalowetsa zipangizo zosokera.

Poyamba dotolo amapala fupa pang'ono pamalo pamene mtsempha unacoka, kuti magazi afikepo. Kenaka amakhomera m'fupamo tizikhomo tokhala ndi ulusi wolimba. Ulusiwo amaupyoza mumtsempha, naukokera kufupa.

Luso lenileni lili pa kasokedwe. Telala aliyense adziwa kuti ulusi wolimba umang'amba nsalu yofumbwa ngati wasokedwa m'mphepete. Mtsempha wa munthu wacikulire uli cimodzimodzi. Cifukwa cake madotolo amapyoza ulusi kawiri, kapena amaupingasa kuti wina utsekereze unzake, monga m'kasokedwe kochedwa Mason-Allen.

Ena amakhoma tizikhomo mumzera umodzi. Ena amakhoma mizera iwiri, napingasa ulusi pamwamba pa mtsempha kuti ugone bwino pafupa monga mphasa. Mizera iwiri imagwira malo akulu, koma imafuna tizikhomo tambiri ndi ndalama zambiri. Pamene pang'ambika pang'ono, mzera umodzi kawirikawiri umakwanira.

Awerengi adziwe kuti ulusi suciritsa. Nchito yake ndi kugwira mtsempha kufikira utamera pafupa, ndipo izi zimatenga miyezi. Wodwala amakoloweka mkono m'nsalu ya m'khosi milungu 4 kufikira 6, ndipo pambuyo pake amayamba kuuphunzitsa pang'onopang'ono. Nchito zolemetsa monga kulima ndi kutema mitengo zimayembekeza miyezi 6 kapena kuposerapo. Wothamangira kumunda cifukwa mvula yagwa angathe kung'ambanso mtsemphawo, motero banja liyenera kupangana msanga za amene adzagwira khasu lake. Kukoka fodya ndi matenda a shuga zimacedwetsanso kupola.

Si onse amene amafuna opaleshoni. Ambiri, makamaka okalamba, amapeza bwino ndi mankhwala oletsa ululu ndi maseŵera olimbitsa phewa amene a cipatala amaphunzitsa. Koma munthu amene wagwa, nalephera kukweza mkono, apite kucipatala osazengereza. Mtsempha wong'ambika ukakhalitsa umafupika ndipo mnofu wake umafota, kotero kuti kuusoka kumavuta. Kutema mphini paphewa sikungabwezere mtsempha pafupa.