ZA MAKANEMA: Cirombo Cobvala Nkhope ya Mnzako

Ambiri amayesa kuti kanema woopsa ndi uja woonetsa cirombo ca mano aatali. Koma m'kanema wochedwa The Thing, amene John Carpenter anatulutsa m'caka ca 1982, mantha aakulu amacokera m'kukayikirana kwa anthu okhala m'nyumba imodzi.

Nkhani yake, yotengedwa m'nthano imene John W. Campbell analemba mu 1938, iri tere. Amuna 12 a ku America ali pa msasa wa zofufuza ku Antarctica, dziko la madzi oundana okha-okha. Iwo alandira galu amene anthu a ku Norway anali kumpirikitsa ndi mfuti. Galuyo sanali galu ai, koma camoyo cocokera kunja kwa dziko lapansi, cimene cimameza nyama kapena munthu ndi kutenga nkhope yake, mau ake ndi mayendedwe ake omwe. Kuyambira pamenepo palibe adziwa ngati mnzake wodya naye akali munthu.

Njira zonse zothawira zatsekedwa. Blair, katswiri wa zamoyo, pozindikira kuti cinthuco cikafika m'mizinda cidzatha anthu onse, aphwanya wailesi ndi helikopita. Magazi osungidwa amene akanayesera nao apezeka atatayidwa, pamene odziwa za makiyi anali awiri okha.

Pamene mtima umagunda koposa ndi pa kuyesa magazi. MacReady, amene anaseweredwa ndi Kurt Russell, amangitsa anzake ndi zingwe, atenga magazi a aliyense m'kambale nalowetsamo waya wamoto, pakuti magazi a cirombo adzathawa moto. Carpenter safulumira pano. Kambale kamodzi-kamodzi, onse ali cete. Zikumbutsa mwabvi wa makedzana, ngakhale kuti wayawo sunama. Cowawa ncakuti MacReady anali ataombera kale Clark, ndipo magazi a Clark apezeka kuti ngamunthu weniweni.

Kanemayu sanapindule potuluka. Masabata awiri m'mbuyo mwake kunali kutatuluka E.T. wa Steven Spielberg, wa mlendo wacifundo, ndipo anthu anakhamukira kumeneko. Lero The Thing amawerengedwa pakati pa makanema opambana a mtundu wake, ndipo owonera akali kutsutsana za mathero ake: msasa wapsa, atsala MacReady ndi Childs okha pa cisanu, apatsana botolo la mowa, aliyense akuyang'anitsitsa mnzake.